Atsibweni a ku Kelimane

Pius anatsika lole ya nandolo mumzinda wa Kelimane ali mbuu ndi fumbi, msana ukuwawa ngati aumenya ndi munsi. Chichokereni pa chipata cha Muloza anali pamwamba pa matumba, dzuwa likumuphika, poti ya basi analibe. M'kachikwama kake munali malaya oyera a kutchalitchi, chimanga chokazinga, ndi zigumu zimene zinali zitayamba kale kusasa.

Musaganize kuti mnyamatayu anawoloka malire kuti akaone nyanja ya mchere. Ayi ndithu, anapita kukasaka munthu.

Nkhani yake ndi iyi. Pius wa ku Mauwa anakondana ndi Felista wa ku Ndunde, chikondi chenicheni, chosowetsa tulo chija. Koma itakwana nthawi ya chinkhoswe, Pius analibe womuimira. Mayi ake anamwalira iye akadali kamwana, nakulira kwa abale a bambo ake, ndipo atsibweni ake, a Silvesta, mlongo wawo wa mayi akewo, anawolokera ku Mozambiki kalekale osabweranso. Ndiye anzake a pa siteji ya kabaza, anzeru za pamsewuwo, anamunong'oneza kuti, "Aise, nkhoswe masiku ano amabwereka." Anapezadi mkulu wina wogulitsa nkhuku, kumuveka jekete, kumuphunzitsa zokanena.

Koma abale inu, kunamiza anthu a ku Ndunde! Amuna ali mkati mokambirana pakhonde, mayi Bibiana, mayi aakulu a Felista amene anamulera chimwalirireni mayi ake, anangofunsa ali chikhalire pamkeka: "Mchemwali wanuyo, mayi a mnyamatayu, anagona manda ati?" Mkulu wa nkhuku anayang'ana kudenga, kenako pansi, thukuta kamukamu. Mbiri ya manyaziwo inafika ku Mauwa iwo asanafike.

Chigamulo ananena ndi atsibweni a Felista, koma aliyense anadziwa kuti mawu anali a mayi Bibiana. Pius abwere ndi atsibweni ake enieni, a bere limodzi ndi mayi ake. Mvula yodzalira ikagwa asanabwere nawo, pakhomopo alandira a kwa Denis. Denis ameneyu anali ndi golosale ndi njinga yamoto pa Ndunde pomwepo, ndipo anali atamuzungulira Felista nthawi yaitali ngati mphamba pa anapiye.

*

Chimene Pius ankadziwa chinali chochepa momvetsa chisoni. Mayi wina wa geni ya nsomba zouma pa msika wa Mauwa anati anawaonapo a Silvesta akukonza njinga pafupi ndi msika mu Kelimane. Msika uti? "Waukulu uja." Atafika anapeza kuti misika ndi yambirimbiri, ndipo njinga, mayo ine, njinga za kabaza zinali mbwee msewu uliwonse, wokonza njinga pansi pa mtengo uliwonse.

Kutentha kwake sikunali kwa kwathu kuno. Kunali kutentha konyowa, komata malaya pathupi, mpweya ukununkha nsomba ndi matope. Akati, "Zikomo bambo, ndifunse nawo," ankamuyankha m'Chipwitikizi. Akayesa Chilomwe chake chodukaduka chimene anatolera kwa agogo ake, ena ankaseka, ena kumuyankha m'chilankhulo cha m'mphepete mwa nyanjamo, iye osatolapo kanthu. Kwawo ankakonda kudzitama pa siteji kuti makolo ake anachokera dziko limeneli. Tsopano anali m'dzikomo, ndipo sankatha ngakhale kufunsa njira ya kuchimbudzi.

Pogona anapeza kuseri kwa depoti, chinyumba cha malata chopanda zenera momwe a malole ndi a geni amagona pamphasa, mutu wa uyu kumapazi kwa uyo. Udzudzu wa mmenemo unkaboola ndi bulangete lomwe. Madzi a pampopi anali ndi kamchere, ndipo anamutsegula m'mimba tsiku lomwelo. Chikwama ankatsamira, foni kuibisa m'kabudula wamkati.

Atagula simu ya kumeneko ndi bandulo ya intaneti, uthenga woyamba kulowa unali wa Felista.

"Mwafika? Mwawapeza?"

"Ndafika bwinobwino. Kuno n'kokongola zedi. Mawa ndiwapeza," analemba Pius, ali chinyonyomalire kuseri kwa depoti, m'mimba mukupota.

*

Mawa lija linadutsa, linzake n'kudutsanso. Chimanga chokazinga chinatsala cha pansi pa jumbo. Ankadzuka m'mamawa, kulondola msewu umodzi mpaka pothera, kufunsa wokonza njinga aliyense, "Silvesta? Silvesta Malawi?" Onse ankangopukusa mutu.

Malaya oyera aja, amene ankasungira tsiku lokaonana ndi atsibweni, anada ndi zigumu zimene zinaphwanyikira m'chikwama. Ndiye m'mawa wina anatsetserekera kumtsinje waukulu umene umadutsa m'mbali mwa mzindawo kukathira m'nyanja. Madzi anali kutali, gombe lili poyera, ngalawa zitagona chammbali pamatope. Anachapa malaya, kuwayanika pamwala, nsapato kuziika pambali pake, iye n'kukwera kumtunda kukakhala pamthunzi wa mtengo wa kokonati kuti amuimbire Felista.

"A Pius, mundiuze zoona. Mwawaona ndi maso anu?"

"Ndatsala pang'ono."

"Mawu omwewo munanena dzana." Felista ankalankhula motsitsa, mwachionekere atabisala kuseri kwa bafa. "Kuno zinthu sizili bwino. Dzulo kunabwera atsibweni ake a Denis."

"Kudzatani?"

"Akuti kudzangocheza. Kucheza kwanji konyamula shuga ndi chitenje? Amayi aakulu anawaphera nkhuku."

"Nanga iwe unali kuti?"

"Ndinali pomwepo, ndikanapita kuti? Madzi osamba m'manja ndinapereka ndine."

"Unawagwadira?"

"Iii, a Pius! Ndiime chilili pamaso pa akuluakulu? Mukufuna anene kuti ndine wosalangika?"

"Nanga chitenjecho wavala?"

Kenako anamva kuti mtsikanayo akulira, kulira kotseka pakamwa kuti a m'nyumba asamve.

"Amene munatichititsa manyazi ndinu ndi munthu wanu wa nkhuku uja. Ine kumjigo sindipitako masana, anzanga akundiimba nyimbo. Ndamukana Denis pamaso pa mayi amene anandilera, andinena kuti ndine wosayamika, ndipo inu mukundifunsa za chitenje? Anthu amaliza kupanga mizere kuno. Mitambo yayamba kuunjikana paphiri la Chiradzulu. Ndikuopa, a Pius. Ndikuopa kwambiri."

"Pepa, Felista. Pepa mayi, ndalankhula mopusa. Ndibwera nawo, ngakhale kuchita kuwabereka kumsana."

Atadula foni n'kutembenuka, anangoti kakasi. Mwala uja panalibe. Gombe lonse linali madzi okhaokha, ngalawa zija zikuyandama. Kumwamba kuli ngwee, kopanda ndi kamtambo komwe. Ha! Mtsinje wanji wodzaza popanda mvula, madzi ake n'kumayenda chobwerera kumtunda? Malaya anawaona patali akutengedwa, nsapato zokha osaoneka n'komwe. Asodzi amene ankasoka ukonde chapafupi anagwa nako kuseka, mmodzi n'kumulongosolera ndi manja kuti madzi a kuno amapita n'kubwera tsiku ndi tsiku, ngakhale mwana amadziwa.

Pius sanaseke nawo. Anakhala pansi, n'kulira ngati wamva uthenga wa maliro.

*

Chimene chinamupulumutsa ndi kutukwana. Akuyenda chosavala nsapato pa tala wotentha, anaponda botolo losweka, n'kutulutsa mawu amene sitingawalembe pano. Wakabaza wina amene ankadutsa anamanga mabuleki.

"Achimwene, Chinyanja chimenecho n'cha ku Malawi. Mwasochera?"

Anali munthu wa ku Milanje, kumalire. Atamva nkhani yake anagwedeza mutu. "Dzina la Silvesta sindilidziwa, koma kuseri kwa msika wa makala kuli mdala wina timangomuti Mmalawi. Kwerani, musavutike za kulipira, magaziwo ndawaona."

Anawapeza pansi pa mtengo wa mango, atawerama pa wilo la njinga. Mkulu wowonda, wa imvi mutu wonse, manja akuda bii ndi girizi. Pius ananjuta chapatali n'kuomba m'manja.

"Odi, bambo. Ndikufuna a Silvesta a ku Mbombwe, mlongo wawo wa malemu Nester."

Sipanala inagwa pansi. Mkuluyo anadzuka pang'onopang'ono.

"Wati malemu? Nester anamwalira?"

"Kalekale, ine ndili wamng'ono. Ndine mwana wawo, Pius."

"Pius! Ndinakusiya uli kumsana iwe!" A Silvesta anagwira mutu ndi manja onse awiri, n'kukhala pansi padothi pomwepo. "Mlongo wanga, Nester mlongo wanga, ine ndimati uli moyo." Maliro a zaka zambiri zapitazo anawalira tsiku limenelo, pakati pa machubu ndi masipoko, ogula makala ataima kuonerera.

Kunyumba kwawo kunali kumapeto kwa mzinda, kanyumba kofolera ndi masamba a kokonati. Mkazi amene anakwatira kumeneko anali atamwalira, ndipo ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, Shakira, mtsikana wamtali wolankhula Chinyanja chopindikapindika chimene anaphunzira kwa bambo ake. Shakira anatsuka bala la msuweni wakeyo ndi madzi a mchere, kumupatsa patapata, kenako kuwaikira mpunga wophikira kokonati ndi nsomba. Pius anadya osadzutsa mutu. Chichokereni kwawo, aka kanali koyamba kudya cha pamoto.

Atafotokoza za mkulu wa nkhuku, a Silvesta anaseka mpaka kutsokomola.

"Ana a masiku ano! Nkhoswe yobwereka ngati khasu? Iyayi, ndipita. Mwana wa Nester asowe womuimira ine ndili moyo? Ndikaonenso pamene anagona mlongo wanga. Mtsikanayo ndi wa kuti?"

"Wa ku Ndunde."

Dzanja la a Silvesta linaima m'mbale.

"Ku Ndunde kwa yani?"

"Analeredwa ndi mayi ake aakulu, mayi Bibiana. Pakhomo pamene pali mitengo ya mapeyala, kumunsi kwa chipatala."

A Silvesta anasamba m'manja chakudya chili pakati, n'kutuluka panja.

*

Pius anawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pa chigubu, akuyang'ana madzi amatope amene anadikha m'ngalande.

"Atsibweni, ndalakwa chiyani?"

"Mapeyala amenewo ndinabzala ndine," anatero osamuyang'ana. "Ndili mkamwini pakhomo pamenepo. Bibiana ndi mkazi wanga, wa ukwati wa m'tchalitchi, wa mphete."

Pius anakhala pansi.

"Tinali ndi mwana wamwamuna, Jonathan. Akadali woyamwa ine ndinapita ku Limbe kukasaka ganyu, chaka cha njala. Kumeneko ndinagona ndi mkazi wina. Nditabwerako ndinamunyamula mwana wanga monga bambo aliyense. Pasanapite nthawi anayamba kutupa, miyendo, kenako nkhope. Achipatala anati n'kusowa chakudya m'thupi. Koma mudzi wonse unati tsempho, bambo wake wayenda kunja, wamudula mwana. Anandikhazika pabwalo, kundipanikiza, ine n'kuvomera zimene ndinachita ku Limbe. M'mawa umene mwanayo anatsirizika, alongo ake a Bibiana anatulutsa zikwanje. Ndinathawa kudzera kudimba, maliro ali m'nyumba."

"Simunabwererenso?"

"Sindinaponye ndi dothi lomwe pamanda a mwana wanga. Bibiana sindinamusudzule. Mpaka lero, kutchalitchi ndi kumudzi, ndi mkazi wanga. Sakanatha kukwatiwanso. Ndinamumangirira, ine n'kudzayamba moyo wina kuno."

"Koma papita zaka, atsibweni. Mitima inazizira."

"Atsibweni a Felista amene anagamula nkhani yakoyo ukuwadziwa bwino? Chikwanje choyamba anatenga ndi iwowo."

Pius anagwada pamatope pomwepo n'kugwira mwendo wa thalauza lawo. "Ndilibe wina. Kuchimuna anakana, akuti si mbumba yawo. Mwa a bere limodzi ndi amayi mwatsala nokha. Mukapanda kupita, Felista ndamutaya. Chonde atsibweni, ndikupemphani m'dzina la mlongo wanu amene mwamulira lero."

"Ndipemphe china chilichonse, mphwanga. Ku Ndunde sindipondako."

Apa ndiye Pius anayiwala ulemu. Anadzuka mwaukali.

"Munathawa mwana wanu ali m'nyumba. Mlongo wanu wadwala, wafa, waola, inu osadziwa. Ine ndakula ngati mwana wa mbuzi, kudya zotsala kwa anthu. Lero ndakupezani ndi phazi lotuluka magazi, ndiye mundithawenso ine?"

Misozi inkangotsika m'masaya mwa a Silvesta n'kulowa m'ndevu.

*

Foni inalira nthawi yomweyo. Anali Felista. Pius anaiyankha.

"Ndawapeza."

"Mwawapeza? Ambuye Yesu! Amayi, awapeza! A Pius awapeza!" Felista anali kuseka ndi kulira pamodzi, ndipo chimwemwe chakecho chinamulasa Pius kuposa botolo lija. "Munyamuka liti? Mawa? Auzeni kuti..."

Kunamveka kulimbana pang'ono, kenako mawu ena, okhuthala, osathamanga.

"Ndine mayi ake aakulu a Felista. Simunakhale mkamwini wanga, ndiye palibe chondiletsa kulankhula nanu. A Silvesta ali pomwepo?"

Dzina limenelo Pius anali asanalitchulepo ku Ndunde, ngakhale kwa Felista amene.

"Mayi, mwalidziwa bwanji dzinalo?"

"Tsiku loyamba limene munaponda pakhomo pano ndinaona nkhope ya Nester. Anali mlamu wanga ameneyo, tinkasinja mtondo umodzi. Mumayesa ndinakutumani kumeneko chifukwa cha mwambo wokha? Munthu ameneyo ndamufuna moyo wanga wonse, koma ine ndilibe chiphaso, njira sindiidziwa. Inu muli ndi miyendo, ndipo mumamufuna mwana wanga. Ndinadziwa kuti mukamupeza. Apatseni foni."

Ndiye kuti njala yonseyi, udzudzu, manyazi, anali pa ulendo wa mayi Bibiana! Pius anafuna kuiponya foniyo m'ngalande. M'malo mwake anaitsegula kuti izimveka mokweza n'kuwalozetsa atsibweni ake. A Silvesta anabisa manja kumbuyo ngati akuwapatsa khala la moto. Shakira anali atatulukira pangodya ya nyumba ndi beseni la mbale, n'kuima.

"Bambo a Jonathan," anatero mawu a m'foni. "Ndikudziwa mukumva."

Mdala uja anabuula.

"Sindikufuna mbuzi yanu, sindikufuna kupepesa kwanu. Ndakalamba, za banja zinandidutsa. Mubwere mudzaime pamanda a mwana wanu, muponyepo dothi. Mudzandisudzule pamaso pa anthu, kuti ndidzafe ndili mfulu. Mukatero mukhale pampando mulankhule za chinkhoswe, mwana wa Nester atenge Felista, ine ndidzalulutira ndekha. Alongo anga akalamba, palibe amene akukhudzeni, ndalumbira. Koma mufulumire. Mawu amene tinawapatsa a kwa Denis sitingawabweze, ndipo kuno kwada."

Kumbuyo kwa mawu awowo kunamveka kugunda kwa bingu, kwapatali koma komveka bwino.

Pius anagwadanso, foni ili m'manja. "Mwamva, atsibweni? Palibe chikwanje. Lole zimanyamuka m'mawa uliwonse. Tiyeni, chonde, tiyeni."

A Silvesta anapukuta nkhope ndi malaya awo. Anayang'ana foni, anayang'ana mphwawo, ndipo Pius anaona m'maso mwawo mantha osatha, mantha amene akhala nawo zaka zonsezi. Anakankhira dzanja la Pius kumbali, poyesa kuti potero mawu awo safika ku Ndunde.

"Manda amenewo sindingawayang'ane, mphwanga. Ndingafere pomwepo. Tamvera ine, akazi sanathe padziko. Za ku Ndunde zisiye. Shakira ali apayu, ndi msuweni wako, mwambo wathu umalola. Khala konkuno, ndikuphunzitsa za njinga, nyumba tiwonjezera chipinda. Kuno palibe amene adzakufunse za nkhoswe."

Beseni linagwa m'manja mwa Shakira, mbale n'kumwazikira m'matope.

Kenako m'fonimo anamveka Felista, mawu ang'onoang'ono, owuma, osalira n'komwe.

"A Pius, Shakira ndi ndani? Ndiye kukongola kwa kumeneko mumanena kuja?"

"Felista, tamvera, si zimene..."

Sanamalize. M'fonimo munayamba phokoso limene mwana aliyense wa ku Chiradzulu amalidziwa: madontho akuluakulu pa malata, limodzi, lina, kenako onse pamodzi, mpaka mawu a munthu osamvekanso.

"Felista! Felista!"

Bandulo inathera pomwepo.